Nyumba Imene Ndinagula kwa a Kompadre

Amayi ndi abambo, zikomo pobwera ngakhale kunja kukuzizira chonchi. Achimwene muli pafupi ndi chitsekocho, tachikankhani, mphepoyi ikutilowa m'mafupa. Andipempha kuti ndiyambe ndine kuyankhula, ati popeza ine manyazi anandithera kalekale. Sakunama ayi.

Dzina langa ndine Rozalina, koma pamsika wa kachewere mukafunsa dzina limenelo palibe angakulozereni. Muziti amake Tereza. Ena muno mumandidziwa ndi dzina lina, lija munkanong'onezana ndikamadutsa ndikudzandira dzuwa lili pamutu. Musaweramitse nkhope, ndinkalimva, ndipo linali loona.

Ndikuona ena mwakhala kumbuyoko ngati mwangoperekeza anzanu. Ndikukudziwani. Kunyumba kwanu kuli kabati imene simuisuntha ngakhale posesa, chifukwa kuseri kwake kuli mng'alu wolowa dzanja. Inenso ndinali nayo kabati yoteroyo. Ndiye tcherani khutu mumve mmene nyumba yatsopano inandigwetsera pansi, mwina inu mubwerere panjira musanafike pamene ndinafika ine.

Ine ndinakulira kothawa nkhondo, tsidya la Dedza, m'kamsasa ka udzu. Kumeneko tinkachita kuuzidwa pokhala, potunga madzi, ngakhale poika maliro athu. Nkhondo itatha tinabwerera ku Domwe, ndipo pamene panali nyumba ya bambo anga tinapezapo mitengo yotalika kuposa munthu. Kuyambira nthawi imeneyo mtima wanga unkafuna chinthu chimodzi basi, khomo langalanga limene palibe angadzandichotsepo. Amuna anga atamwalira ndinatsala ndi mwana mmodzi, munda, ndi ng'ombe ziwiri zokoka ngolo. Ndinalowa geni ya kachewere, kugula kwa alimi ku Domwe, kudzagulitsa kuno ku Ulongwe, nthawi zina kukwera pamwamba pa matumba mpaka ku Tete kotentha kuja. Msana uwu unapindika ndi matumba, koma sindinkadandaula, ndinkadziwa chimene ndikuvutikira.

Tsono panali a Inasiyo, mmisiri womanga nyumba, aliyense ankangoti a Mestre. Anali mnzawo wa malemu amuna anga, ndipo ndiwo anamunyamula Tereza pa ubatizo ku Fonte Boa. Kwa mwanayo ndi a padrinyu, kwa ine ndi a kompadre. Eni kuno mukudziwa kulemera kwa ubale umenewu, koma muno muli alendo angapo. Kompadre sumutsutsa pagulu. Sunenerera naye mtengo. Akakupatsa thumba la chimanga sulimasula pamaso pake kuti uone ngati muli anankafumbwe. Ndipo mwana akakhala wamasiye ngati wangayu, tsiku la ukwati wake padrinyu ndiye amakhala pampando wakutsogolo m'malo mwa bambo, ndipo pampandopo pakasowa munthu, mudzi wonse umafunsa kuti banja limeneli linalakwa chiyani. Ndisaname, munthuyo anatichitirapo zabwino. Amene anawaka manda a amuna anga ndi iwo, ndipo nsapato zimene Tereza anayambira sekundariya zinachokera kwa iwo. Zabwino zimenezo ndizo zinadzandimanga pakamwa.

Atayamba kumanga nyumba zogulitsa kumunsi kwa vila, tauni yathu ino, anandiimitsa tsiku lina titatuluka ku Misa, nandiuza kuti yoyamba yeniyeni andisungira ine anthu ena asanaidziwe. Ndinatsala pang'ono kulira ndi chimwemwe. Anakandionetsa mwezi wa Agosto, fumbi likuuluka, nthaka itauma gwa. Nyumba inali itapakidwa tinta yoyera mbee, malata akunyezimira, pansi posalala moti ndinachita mantha kupondapo ndi mapazi anga a kumsika. Alongo anga a Benjamini anandilangiza kuti ndipite ndi mmisiri wina akayang'ane kaye. Ndinawakalipira ngati mwana wamng'ono. Kupita ndi mmisiri wina panyumba ya a kompadre, kodi si kuwatcha wakuba kumeneko? Khoma lomwe sindinaligogode n'komwe. Ndinaona ndithu kuti kuseri kwa nyumba kuli ziputu za bango zongodula kumene, ndiponso kuti chapafupi pomwepo amayi ena akuthirira dimba la kabichi. Ine ndinabadwira kumunda, ndimadziwa kumene bango limamera. Koma maso anga anali pa tinta.

Pepala limene tinalemberana linkangonena kuti nyumba yagulitsidwa. Za kuti ikawonongeka adzakonza ndani, osatchulapo. Nditafunsa monyengerera, anaseka n'kundiuza kuti garantiya ndi ya anthu osadziwana, ife ndife amodzi. Ndinachita manyazi kuti ndafunsiranji. Ndinapita ku Domwe, ndinagulitsa munda wa amuna anga, ng'ombe zonse ziwiri ndi ngolo yomwe, ndinawonjezera thukuta langa la zaka zonse zija, n'kukapereka ndi manja awiri nditagwada.

Mvula yoyamba inayamba bwinobwino, denga silinadonthe ngakhale pang'ono. Madzi a nyumba imene ija sanachokere kumwamba, anachokera pansi. Pofika Janeiro, pansi panayamba kutuluka thukuta. Mchere unkasungunuka m'chitini, mphasa zinachita chuku, tinta inatupa matuza ngati khungu lopsa ndi madzi otentha. Pofika Feverero chitseko cha kuchipinda chinakana kutsekeka, ndipo mng'alu unatsika kuchokera pazenera mpaka pansi. Tsiku lina ndikusesa, chibenthu cha simentu yopaka pakhoma chinagwa chokha. Ndinayang'ana m'katimo, ndipo ndinapeza kuti njerwa zonse anaziwaka ndi matope. Simentu inali pamwamba pokha, yopyapyala ngati chikhadabo. Kuwaka ndi matope si tchimo, nyumba za makolo athu kumtundaku zikuima mpaka lero. Koma iyi inali pakati pa dambo limene anangothirapo zidutswa za njerwa ndi dothi lofiira, ndipo anaigulitsa ngati nyumba ya simentu kuyambira pansi.

Mukuganiza kuti ndinatani? Ndinagwira nkhuku. Ine wolakwiridwa, ndinanyamula tambala kupita naye kwa a kompadre, kuti nkhani yanga ikalowe bwino m'makutu mwawo. Tambalayo analandira. Anandiuza kuti nyumba yatsopano imatero, ikukhazikika, ndisade nkhawa. Mvula itasiya anatuma anthu awo kudzamata ming'alu n'kupakanso tinta, ndipo nyumba inaonekanso ngati mkwatibwi. Mvula yachiwiri inadzang'ambula zonse zimene anamatazo, n'kuwonjezerapo ming'alu ina iwiri itatu. Nditadandaulira amayi anzanga amene ndinkapemphera nawo, onse anayankha chimodzimodzi, kuti ndisamuyalutse munthu amene anandinyamulira mwana, ndiganizire za Tereza, akukula, mawa lino adzafuna womukhalira kutsogolo. Ndiye ndinakokera kabati pamng'alu waukulu, pa winawo ndinapachikapo nsalu ya kapulana, ndipo aliyense wondifunsa za nyumba ndinkamuyankha kuti ili bwino, Mulungu ndi wabwino.

Mkwiyo ukausowetsa potulukira umakudya wekha. Mowa ndinauyamba ngati mankhwala. Chifuwa changa chinali chitalowa chinyontho, ndipo pabaraka ina pafupi ndi msika ankagulitsa kachasu m'timakapu ting'onoting'ono. Kamodzi kokha poweruka, kuti thupi lifunde. Zoona zake n'zakuti sindinkafuna kupita kunyumba. Munthu amene wagulitsa munda wa mwamuna wake kuti agule fungo la chuku, athamangira chiyani kwawo? Kapu imodzi inabala ziwiri, kenako ndinayamba kudzera pabarakapo m'mawa ndisanayale malonda. Kachewere amene ndinasunga kuchipinda chakumbuyo anawola yense ndi chinyontho, alimi a ku Domwe anasiya kundikhulupirira, ogula anasamukira kwa anzanga. Sipanatenge nthawi, malo anga a pamsika panakhala munthu wina.

Ndinagulitsa bedi. Ndinagulitsa mapoto aakulu. Ndinazula zitseko za m'kati, poti zinali zosatsekeka kale, n'kukasinthanitsa ndi mowa. Tsiku lina masana ndinagwera m'ngalande ya pamsika kapulana itamasuka, ndipo amayi amene ndinkapikisana nawo malonda ndiwo anathamanga kudzandifunditsa. Ena mwa inu munalipo. Tereza anali atayamba kutsokomola chifuwa chosamva mankhwala, ndipo tsiku limene analongedza mabuku ake kuti akakhale kwa abale a bambo ake, anaima pakhomo osalira n'komwe.

"Amayi, nyumba ino ikununkha, ndipo inunso mwayamba kununkha chimodzimodzi. Ndikakhala muno ndifa."

Ndinamuyang'ana akukwera chitunda ndi chikwama pamutu, ndipo atazimiririka ndinapita pabaraka.

Tsopano mvetserani bwino, chifukwa apa ndi pamene zinthu zinatembenukira. Unali mwezi wa Agosto kachiwiri, dambo litaumanso, zonse zikuoneka zaulemu. M'mawa dzuwa litakwera ndinali pakhonde, mutu ukuwawa, m'kamwa muli zii. Ndinamva njinga yamoto ikuima panyumba yoyandikana nane, imene anali atangomaliza kuipaka tinta. Anali a kompadre, atakweza mayi wachitsikana wobereka khanda kumbuyo. Ndinadzamva pambuyo pake kuti ndi profesora, dzina lake Lusiya, wongotumizidwa kumene kudzaphunzitsa kuno. Ndinamuona akulowa m'nyumbamo, akutuluka, akusisita khoma ndi chikhatho, akumwetulira yekha. Nkhope imeneyo ndinaidziwa, inali yanga ya tsiku lija. Koma mayiyu anali ndi mtima wofunsa kuposa ine. Ndinamumva akufunsa ngati malowa sasunga madzi nthawi ya dzinja.

A kompadre anaseka kuseka kwawo kuja, natembenuka n'kundikodola. "Komadre, tabwerani muwauze amayiwa. Awa ndi amake mwana wanga wa ubatizo, akukhala muno chaka chachitatu. Kodi munthu angagulitse chinthu choipa kwa m'bale wake?"

Ndinadzuka pang'onopang'ono. Ndinapita, ndinagwada, ndinawapatsa moni monga mwa masiku onse. Pondigwira dzanja anawerama pang'ono n'kundinong'oneza kuti madzulo atuma munthu ndi kabotolo, ndisavutike kupita kumsika.

Abale anga, mawu amenewo anandithira madzi ozizira. Kunena kuti ankadziwa. Ankadziwa kuti ndikumwa, ankadziwa chimene ndikumwera, ndipo kumwa kwangako kunkawakomera, chifukwa chidakwa sichipita kukadandaula ku ofesi. Ndili chogwada pomwepo ndinayang'ana mzere wonse wa nyumba zija, ndipo ndinazindikira chimene anandisungira yoyamba. Sichinali chikondi. Aliyense amene anagula pambuyo panga anauzidwa mawu omwewa, kuti onani, komadre wanga weniweni akukhala momwemo. Ine ndinali chikwangwani chawo. Kukhala chete kwanga ndiko kunagulitsa nyumba zonsezo, ndipo tsopano ankafuna kuti ndigulitsenso iyi kwa mayi wa khanda, malipiro ake kabotolo.

Ndinaimirira n'kumupempha mayiyo kuti alowe kwanga amwe madzi, poti mlendo sabwerera pakhomo kukhosi kuli gwa. A kompadre sakanatha kuletsa zimenezo. Mayiyo atalowa, fungo linamulandira lisanafike dzanja langa. Ndinakankha kabati ija mpaka inagwa chagada. Ndinathothola kapulana ya pakhoma. Ndinagwira dzanja lake losalala lija n'kulilowetsa mumng'alu mpaka m'chigongono, ndipo anaona kuwala kwa kunja kudzera momwemo. Kenako ndinatenga khasu kuseri kwa chitseko n'kumenya khoma kamodzi kokha. Simentu inayoyoka, ndinakumba matope a pakati pa njerwa ndi chala, n'kumuthira m'manja. Sindinalekere pomwepo. Ndinatuluka naye panja, ndinakumba m'mbali mwa maziko, ndipo khasu lisanalowe kutalika kwa mkono maziko anali atatha, pansi pake pali dothi lakuda la m'dambo, lonyowa mwezi wa Agosto.

A kompadre anali ataima pafupi ndi njinga yawo, nkhope itauma. Anayankhula motsitsa mawu, akuyang'ana mlendoyo osati ine. "Musawamvere awa, amayi. Aledzera."

"Kuledzera ndaledzeradi, a kompadre," ndinatero. "Nanga khomali lamwa chiyani?"

Mayi Lusiya anapukuta matope m'manja mwake, anandithokoza, n'kuuyamba ulendo wapansi, kukana kukweranso njinga. A kompadre anatembenukira kwa ine. Kenako anandiuza kuti kuyambira tsiku limenelo ndisadzawatchulenso kompadre, ndipo Tereza akadzapeza mwamuna adzafune yekha womukhalira kutsogolo.

Musaganize kuti m'mawa mwake ndinadzuka ndili mngelo. Madzulo a tsiku lomwelo ndinakamwa kuposa masiku onse, ndi mantha a chimene ndachita. Chimene chinandiimitsa n'chakuti mayi Lusiya anabweranso patapita masiku. Anandiuza kuti anakafunsa ku ofesi yoona zomangamanga, ndipo anamuuza kuti nkhani yotere imafuna mwini nyumba adzanene yekha. Koma sanandibisire. Anati a Mestre ayamba kale kufalitsa kuti ndinaswa khoma langa ndekha ndi kuledzera, ndipo ndikakalowa mu ofesimo ndikununkha kachasu, ndiye kuti ndawapambanitsa mlandu ndi pakamwa panga. Ndiye ndikuuzeni zoona, ine mowa sindinausiye chifukwa cha kuyera mtima. Ndinausiya chifukwa cha mkwiyo, kuti mawu anga akhale ndi kulemera pamaso pa munthu amene uja.

Ndinapita kwa alongo anga ku Domwe, omwe ndinawakalipira aja, n'kuwapempha kuti andisunge. Sanandikumbutse kanthu, ndipo zimenezo zinandipweteka kuposa akanandinyoza. Masiku oyamba thupi linkanjenjemera moti kapu ya madzi inkatayikira pachifuwa, mpaka alamu anga anandiperekeza kuchipatala. Musachite manyazi kupita kuchipatala ndi matenda amenewa, ndi matenda ndithu. Ndinagwira ganyu yokumba kachewere m'minda ya anthu amene kale ankandigulitsa ine. Kandalama kalikonse ndinkapereka kwa alamu kuti asunge, chifukwa dzanja langa sindinkalikhulupirira. Nditabwerera ku vila ndinasintha njira yopitira kumsika, kuzungulira kutali kuti ndisadutse pabaraka paja. Ndinagweranso mu mowa kawiri konse, sindibisa. Ndinadzukanso.

Kenako ndinayamba kugogoda zitseko za anansi anga. Kulikonse ankandiyankhira pakhomo kuti kwawo kuli bwino. Ndinkangowapempha kuti andilole ndiwathandize kusuntha kabati. Nyumba iliyonse inali ndi mng'alu wake, ndipo mwini nyumba aliyense anali ndi chingwe chake chomumangirira kwa a Mestre. Uyu ndi msuweni wa akazi awo, uyu amaimba nawo kwaya, uyu anamulipirira ngolo ya maliro a amayi ake. Munthuyo sankagulitsa kwa alendo kawirikawiri ayi. Ankasankha anthu amene sangathe kumukwezera mawu.

Tinapita ku ofesi tonse pamodzi. Kumeneko anatiuza zimene tikanayenera kudziwa tisanagule, kuti womanga nyumba zogulitsa amafunika lisensa, chiphaso cha boma, ndiponso kuti fisikale, amene amayendera zomangazo, amayenera kuona maziko asanakwiriridwe. Anatifunsa chifukwa chimene sitinafunsire mapepala amenewo. Ukamuuza bwanji munthu wa mu ofesi kuti unaopa kukhumudwitsa kompadre? Tinayenda maulendo ambiri, nsapato zinatha. Fisikale atafuna kubwera kudzaona m'chilimwe tinakana, tinati abwere Feverero, nyumba zikamanena zoona. Anabweradi mvula ikugwa. Fisikaleyo anavula nsapato pakhomo panga, osati chifukwa cha ulemu, koma chifukwa madzi anali m'akakolo.

Mukufuna kumva kuti tinapambana? A Mestre analetsedwa kumanga padambo paja, ndipo analamulidwa kutipezera malo ouma kumtunda. Basi. Munda wa amuna anga sunabwerere, ng'ombe sizinabwerere. Ndipo nyumba zathu zonse anazilemba chizindikiro chofiira, kuti si zokhalamo anthu, zigwetsedwe. Pakamwa panga pomwepa ndi pamene panagwetsa khomo limene ndinalilakalaka kuyambira ndili mtsikana. Anansi ena sandipatsa moni mpaka lero, ati ndikanakhala chete bwenzi akadali ndi denga. Mwina akunena zoona, mpaka tsiku limene dengalo likanawagwera.

Ndinaigwetsa ndekha nyumbayo, ndi alongo anga, ndi Tereza amene anabwera osaitanidwa atamva kuti mowa ndinasiya. Sitinakambirane zambiri, anangomanga kapulana m'chiuno n'kuyamba kulandira njerwa. Ndipo njerwazo zinkachoka zathunthu, zosasweka ngakhale imodzi, kungozigwedeza ndi dzanja, popeza munalibe simentu yozigwira. Ndinaseka mpaka misozi. Chinyengo chawocho ndicho chinthu chokha chimene chinandipindulira. Tinazisenza pangolo yobwereka kupita kumtunda, ndipo pamenepo pali tsopano zipinda ziwiri. Mmisiri wake ndinachita kusankha mlendo, wa mpingo wina, amene sindimudziwira mayi ake kapena agogo ake. Ndinamuuza tsiku loyamba kuti ndizikhala pampando pomwepo kuyambira kukumba maziko mpaka kukhoma malata, ndipo akakhumudwa ndi maso anga anene msanga. Tinalemberana pamaso pa mboni kuti khoma likang'aluka mvula ziwiri zisanathe, akonza ndi iye. Sanakhumudwe. Munthu woongoka sakwiya ukamuyang'ana m'manja.

Ndiye inu amene simunagule, nyumba musakaione Agosto. Agosto nyumba iliyonse ndi yokongola, ngakhale khola. Kaioneni mvula ili pakati, mulowe opanda nsapato kuti mapazi akuuzeni zoona. Mufunse amayi a m'madimba apafupi kuti madzi amafika pati, iwo alibe chobisa. Mutenge msomali m'thumba, mukakande pakati pa njerwa pamalo obisika, ndipo wogulitsa akakwiya ndi msomali umodzi, tembenukani muzipita. Lisensa muione ndi maso anu. Koma chachikulu, chimene ine ndinachigula ndi munda wathunthu, ndi ichi: musagule nyumba kwa munthu amene simungathe kumukalipira. Akakhala m'bale, pepala lake likhale lolimba kuposa la mlendo.

Inu amene munagula kale, musamwere mowa nkhani imeneyi, ine ndinamwera kale m'malo mwa tonse ndipo mng'alu sunatsekeke. A Mestre akumangabe mbali ina ya vila, ndipo si okha, alipo anzawo a mchitidwe womwewo. Kumene akumangako kulinso wina amene akulozedwa chala kuti onani m'bale wanga akukhala momwemo, ndipo mwina munthuyo wakhala muno. Lolemba m'mawa tikupita ku ofesi kukapempha zinthu zosavuta kumva, kuti aliyense womanga zogulitsa azidziwika ndi dzina, kuti maziko asamakwiriridwe fisikale asanawaone, ndiponso kuti nyumba yatsopano isamagulitsidwe popanda garantiya yolembedwa. Musabwere ndi mawu okha, mawu amauluka. Mubwere ndi chibenthu cha khoma lanu m'thumba, tikachiike patebulo pawo.

Ndikudziwa chimene chikukugwirani miyendo, chifukwa chinandigwira inenso. Mukuopa kutaya ubale. Ndiye ndimalize ndi ichi. Tereza anakwatiwa chaka chathachi. Chifuwa chija sichinatheretu, amatsokomolabe kukazizira, ndipo ndikamumva ndimadziwa kuti ndi ine ndinamugoneka m'chinyontho muja. Pa ukwatiwo ndinaumirira kuti mpando wa a padrinyu uikidwe kutsogolo monga mwa mwambo, ngakhale ndinkadziwa kuti sabwera. Mtima unali m'mwamba, ndikudikira kuti anthu ayambe kulozerana ndi milomo. Amalume ake anayankhula m'malo mwa bambo, anthu anaomba m'manja, nyimbo zinayamba. Nditacheuka pakati pa phwando, ndinapeza kuti wina wakokera mpando uja pambali n'kuikapo beseni losambira m'manja. Palibe ndi mmodzi yemwe anafunsa kuti unali wa yani. Anthu anadya, anavina, anabalalika. Ine ndinakhala pansi n'kumayang'ana besenilo, mtima ukuwawa kuposa tsiku limene ndinagwetsa nyumba. Ndinawola zaka zitatu m'dambo, ndinagona m'ngalande, mwana wanga anadwala, zonsezo kuti ndisunge mpando umenewo.

Ndathokoza pondimvera. Amene akufuna kuyankhula pambuyo panga abwere kutsogolo kuno, asayankhulire kumbuyoko.